Ufa Wakuda M'nsupa ya a Chulu

Ana anga, za ku Katete ndi za ku sukulu ya zaulimi ndazilemba kale. Pano ndilemba za kuchigwa cha Luangwa, kumene ndinayambira ntchito. Zambiri za kumeneko mwazimva pakamwa panga mpaka kutopa nazo, koma nkhani ya a Chulu sindinaifotokozepo mpaka kumapeto kwake. Ngakhale lero, pamene anthu onse a m'nkhaniyi anapita, ndikuilemba mtima ukugunda.

Chaka choyamba: Jumbe

Patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, boma linanditumiza ku Jumbe kukakhala mlangizi wa zaulimi. Ine ndine wakumtunda, kumene usiku munthu amafuna bulangeti. Lole itangotsika mapiri, kutentha kunandilandira ngati ndalowa m'ng'anjo ya njerwa. Nthawi imeneyo tsidya lina la Luangwa linali gemu, malo osungirako nyama, koma nyamazo palibe anaziuza kuti malire ake ndi mtsinje. Njovu zinkawoloka n'kudzadya mapira a anthu, mikango inkalira kufupi ndi midzi, ndipo ine, mnyamata amene ndinkathawa ngakhale tsekwe, ndinkayenera kuyenda m'menemo panjinga tsiku ndi tsiku. Eni dera ankalankhula Chikunda. Chinyanja changa ankachimva bwino, koma akafuna kundiseka ankabwerera ku chawo.

Bwana wanga anali a Tembo, munthu wamfupi wa mawu okwera, amene ankakonda zoyesayesa kuposa chakudya. Ndikawauza kuti ndalephera kufika kumudzi wina chifukwa njovu zinatseka njira, ankandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mbewe, boma silinakutume kudzawerenga njovu. Njovu zili ndi owerenga ake." Zosowa zinali zambiri. Feteleza ankafika mvula itatha, kapena osafika n'komwe, chifukwa mvula ikayamba msewu wa ku Chipata unkasanduka phala. Chubu cha njinga chikaphulika tinkaphatika udzu m'tayala. Chaka chimenecho ndinaphunzira kudzuka m'mamawa, kuyenda ndikuyang'ana ndowe zatsopano panjira, ndi kuyankha kuti "inde bwana" ndisanamve funso.

Chaka chachiwiri, Okutobala: Mnkhanya

Chaka chachiwiri anandisamutsira ku Mnkhanya, ndekha. Ndisananyamuke, a Tembo anandiitanira mu ofesi yawo, momwe pakona panali katoni yokulungidwa ndi saka lonyowa. Anatulutsamo kapaketi kapulasitiki ka ufa wakuda bii, wonyowa pang'ono.

"Uwu si feteleza, komanso si mankhwala," iwo anatero. "Dzina lake ndi inokulanti. Muli tizilombo tamoyo, tosaoneka ndi maso. Ukatipaka pa mbewu ya soya, timalowa m'mizu n'kumanga timibulu, ndipo m'timibulumo timapangira mbewu chakudya kuchokera ku mpweya. Ndiye kuti feteleza akubwera yekha, wopanda lole. Wamva?"

"Inde bwana."

"Uwaze mbewu ndi madzi a shuga kuti ufa umatirire. Usakanizire pamthunzi, ubzale tsiku lomwelo. Koma chachikulu, usunge pozizira. Dzuwa likaugwira, tizilombo tafa. Tikafa, ndiwe watipha, ndipo usabwere kuno ndi nkhani za njovu."

Zaka za pambuyo pake anadzatiphunzitsanso za tibowa tosaoneka timene timathandiza mizu kuyamwa zakudya m'nthaka, koma nthawi imeneyo ufa wakudawo ndiwo unali chodabwitsa chathu. Ine ndinaukhulupirira, anthu a ku Mnkhanya ayi. Pamsonkhano woyamba mayi wina anaimirira, mwana ali kumsana. "A mlangizi, chiswe tili nacho, anankafumbwe tili nawo, kashembe ndi uyu akutilumayu. Manje mwatibweretseranso tizilombo ta boma?" Anthu anafa nalo phwete. Nditanena za madzi a shuga zinthu zinaipiratu, pakuti shuga ankaoneka pa Khirisimasi pokha, ndipo mnyamata wakumtunda ankati amwetse mbewu tiyi.

Munthu mmodzi yekha anatsala onse atabalalika. Anali a Chulu, mdala wamtali woonda, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa china chake. Pa unyamata wawo anali mlenje wotchuka, wa mfuti ya gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kutsinira ndi chitsulo. Malamulo a gemu atalimba, anagwidwa ndi nyama ya njati, mfuti inalandidwa, ndipo anakagona kundende ku Chipata. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo akazi awo anandiuza poyera tsiku loyamba, kuti mdalayo akadzalowanso m'ndende sadzatulukamo wamoyo.

"Tizilombo tanuto tibweretseni kwanga, mwana wanga," anatero. "Ine ndakhala moyo wonse ndikutsata zinthu zosaoneka. Ukaona phazi, nyama iliko."

Vuto linali posunga. Nyumba yanga inali ya malata, ndipo masana ngakhale kandulo inkapindika yokha. Mvula inachedwa. Tsiku lililonse ndinkagwira mapaketiwo n'kumva kufunda, ndipo ndinkaona nkhope ya a Tembo. A Chulu ndiwo anapeza nzeru. Mtsinje wa Lupande nthawi imeneyo umakhala mchenga wokhawokha, koma ukakumba pansi pamakhala ponyowa ndi pozizira, pomwe amayi amatungapo madzi. Anati aika mapaketi mumphika wadothi, aukwirire mumchengamo pansi pa mtengo, ndipo aziuyendera m'mamawa kuti afisi kapena anyani asaufukule. Ndinawapatsa mapaketi onse ndi manja anga, n'kugona tulo tabwino koyamba m'mwezi umenewo.

Novembala, m'mawa wina

Ndinali kupopa njinga pakhomo pamene akazi awo a Chulu anafika akuthamanga, duku lili m'manja. Sanandipatse moni, chinthu chimene mayi wachikulire wa kumeneko sachita.

"A mlangizi, awatenga. Masikauti awatenga."

Ndinawakhazika pansi. Anafotokoza kuti asilikali osunga nyama, amene tinkawatcha masikauti, anaona mapazi a munthu mmodzi akupita kumchenga m'mawa uliwonse. Anabisala, ndipo cha m'ma faivi anapeza mlenje wakale atagwada, akufukula mphika wobisika. Anapita naye ku kampu yawo kufupi ndi Nkwali, m'mbali mwa Luangwa. Lole ya gemu inali kuyembekezeka tsiku lotsatira, ndipo ikabwera, ulendo unali wa ku Chipata.

"Musade nkhawa, amayi," ndinatero. "Mapaketi aja ndi olembedwa. Aliyense wodziwa kuwerenga aona kuti ndi a boma."

Iwo anayang'ana pansi. "Mapaketi kulibe. Nyerere zinaboola, ufa unayamba kutayika. Ndiye anaukhuthulira m'nsupa, n'kumata ndi phula."

"Nsupa iti?"

"Ija yakale. Ija ankasungiramo onga."

Kwa mdalayo zinali zanzeru: pa moyo wake wonse, chinthu chimene chinkasunga ufa wamtengo wapatali osalowa nyerere chinali nsupa imeneyo. Koma masikauti anapeza mlenje wogwidwapo kale, ali ndi nsupa ya onga yodzaza ufa wakuda, ataibisa pansi kufupi ndi gemu. Ine ndemwe ndikanakhala sikauti ndikanamumanga.

Ndinaima ndi pampu m'manja, ndikuganiza. Ndikanapita ku Jumbe kukauza a Tembo, lole ikanafika ku Nkwali ine ndisanabwere, ndiponso ndinkadziwa yankho lawo: za gemu uzisiye kwa a gemu. Kukhala phee kunali kothekanso, ndipo ndinene zoona, ndinakulakalaka kwambiri. Koma mayi uja sanachoke. Anangokhala pa khonde langa n'kumandiyang'ana, osalira, osapempha. Ndinakwera njinga chifukwa sindikanatha kupirira maso amenewo tsiku lonse.

Njira ya ku Nkwali inkadutsa m'nkhalango ya tsanya, imene nyengo imeneyo ilibe tsamba ndi limodzi. Dzuwa linali kuswa mutu. Penapake ndinapeza ndowe za njovu zikadali kufuka, ndipo nditakweza maso ndinaona njovu yaikazi ndi mwana wake, zitaima pafupi moti ndinkamva kugunda kwa makutu ake. Ndinatsika panjinga n'kuima kuseri kwa mtengo woonda kuposa ine. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkadziwa, ngakhale lija la pachakudya. Itatopa nane inapita, koma mtunda wautali ndinayenda ndikukankha njinga.

Tsiku lomwelo, masana: ku kampu

Kampu inali ya nyumba zochepa zaudzu. Akazi a masikauti anali kuwamba nsomba pamoto chapambali. A Chulu anali atakhala pansi pa mtengo wa mbvunguti, unyolo uli m'manja, akutsokomola. Mkulu wa masikauti anali a Kamanga, chimphona cha munthu chosadziwa kumwetulira. Chaka chapitacho mnzawo wa ntchito anawomberedwa ndi gogodela yodzaza zidutswa za misomali, ndipo a Kamanga ndiwo anamunyamula pamsana kuchoka kutchire, n'kuwafera asanafike. Chigwa chonse chinkadziwa kuti pa nkhani ya onga munthuyo alibe chifundo.

"Mwaswera bwanji, a Kamanga?" ndinatero, mawu akutuluka ang'ono.

"Taswera. Ndinu ndani?"

Ndinadzitchula, n'kufotokoza zonse: za soya, za tizilombo, za mchenga wozizira. Pamene ndinkalankhula ndinkadzimva ndekha kuti nkhaniyo ikumveka ngati bodza la mwana. Masikauti ena anayamba kuseka nditafika pa shuga. A Kamanga sanaseke. Analowa m'nyumba, natulutsa nsupa yakuda ndi ukalamba, naitsegula, nandiikira pamphuno.

"Nunkhizani. Tizilombo ta boma timanunkha chonchi?"

Inkanunkha onga. Panalibe chokana.

"Ndi fungo lakale la nsupayo," ndinatero. "Ganizani, a Kamanga. Ndi mlenje uti angakwirire onga mumchenga wonyowa?"

"Mlenje amene wamata ndi phula. Mukandiuze china."

"Ndiye thirani pang'ono pamoto. Onga uphulika, uwu sungaphulike."

"Pamoto ndikhoza kuthira ndekha, sindifuna mlangizi. Inu mwabwera kudzaikira munthu uyu umboni. Umboni wapakamwa ndaumva wambiri, ndipo mnzanga ali m'manda. Manje ndifuna ndione ngati inuyo mukhulupirira zimene mukunenazi. Munalipo pamene amathira m'nsupa?"

"Iyayi."

"Koma muli shuwa?"

"Ndili shuwa."

"Tambasulani dzanja. Ndithira pamenepo, ndiikapo khala. Ukakhala ufa wanu wa soya, mutenga mdala wanu muzipita. Ukakhala onga, zala zimene zitsale mukwera nazo lole mawa pamodzi ndi iye, chifukwa mwavomera nokha kuti ndinu munamupatsa. Mukakana, palibe mlandu. Njinga yanu ndi iyo."

Ana anga, ndinaopa njovu m'mawa umenewo, koma mantha awa anali a mtundu wina. Njovu umaiona. Apa ndinali kuikira umboni chinthu chimene sindinachione, pa mawu a munthu amene ndinamudziwa kwa mwezi umodzi wokha, mlenje amene manja ake anazolowera onga kuposa khasu. Ndinaonapo ku Katete mnyamata amene onga unamuphulikira pankhope, ndipo nkhope imeneyo inandibwerera yonse. Ndinacheukira a Chulu. Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Sindinadziwe ngati akuti "usaope" kapena akuti "usachite". Kenako anatsokomola, chifuwa chija chokoka kuchokera pansi, ndipo ndinadziwa kuti ndikakwera njinga mdalayo sadzaonanso Mnkhanya.

Ndinatambasula dzanja lamanzere. Lamanja ndinalibisa kumbuyo, poganiza kuti ndidzalifunabe polemba. A Kamanga anagwira mkono wanga wamanzerewo kuti ufa usatayike. Anapendeketsa nsupa pang'ono, ufa wakuda n'kudzaza pakati pa chikhatho. Unali wozizira. Sikauti wina anabwera ndi khala lofiira atalipana ndi timitengo tiwiri. Onse anabwerera m'mbuyo, kupatula a Kamanga, amene sanasiye mkono wanga. Ndinatseka maso n'kutembenuzira nkhope kumbali.

Ndinamva kulemera kwa khala, kenako kaphokoso ngati madzi adonthera pamoto. Ndinadikira kuphulika. Kunabwera utsi wokha, wonunkha ngati dambo likamapsa. Nditatsegula maso khala linali likumira mu ufa, ndipo posachedwa linafika pakhungu. Ululu unandilasa mpaka m'mano, koma sindinayerekeze kugwedeza dzanja, poopa kuti anena kuti ndataya umboni. Mmodzi wa amayi owamba nsomba ndiye anakuwa. "Mumupha mwana wa eni! Mwaona kale, chotsani!"

A Kamanga anakankha khalalo ndi chala. Anayang'ana ufa, nayang'ana bala, nandiyang'ana ine. "Mumasuleni," anatero. Mayi uja anandipaka mafuta n'kundimanga kansalu, akuwanyoza a Kamanga mu Chikunda chimene ngakhale ine ndinachimva. Pochoka, a Kamanga anatseka nsupa ija n'kundipatsa. "Tengani katundu wa boma. Koma muwauze akuluakulu anu kuti tizilombo tawo azitipaka mtundu wina."

Pobwerera

Tinabwerera wapansi, ine ndikukankha njinga ndi dzanja limodzi. Mtima unali utapepuka, ndipo ndinkalankhula kwambiri, monga amachitira munthu amene wapulumuka. Titafika pa dziwe lina laling'ono, kampu ili kale kumbuyo, a Chulu anaima.

"Ndipatseni nsupa, mwana wanga. Vulani chipewa."

Anakhuthulira ufa m'chipewa changa. Unatuluka wochepa kuposa mmene ndinkayembekezera, kenako unaleka, nsupa ikulemerabe. Anathyola kamtengo, nakokera kunja chinsanza chimene chinali chotsinidwa mkati. Atapendeketsanso, pa mwala panagwa timiyala takuda, touma, tonyezimira.

"Uwu ndiye onga," anatero.

Ndinakhala pansi pomwepo.

"Mapaketi ena ali mumphika wina, sanaupeze. Paketi imodzi ndiyo inabooka, ndiyo ndinathira pamwamba apa. Ongawu unatsala kale, ndinalephera kuutaya. Mfuti ndilibe, koma njovu zikabwera kumunda, ukauphulitsa m'chitsulo zimathawa. Ndinati soya wanuyu ndimuteteza ndi chiyani?" Anatsokomola. "Ndinakupukusirani mutu. Simunaone? Munthu uja akanapendeketsa kawiri, kapena akanaigwedeza kaye, chinsanza chikanasuntha."

Ndinasanza m'mbali mwa dziwe. Nditatha ndinawakalipira mdala uja mawu amene sindinalankhulepo kwa munthu wamkulu, ndipo iwo anangomvetsera, manja ali pamawondo. Nditatopa analankhulanso motsitsa monga mwa nthawi zonse.

"Inu ndinu munthu wa boma, ndipo mwalumbira pa chinthu chimene simunachidziwe. Kampu sili kutali. Mukafuna tibwerere, ine sindithawa. Miyendo yothawira ndilibe."

Ndinayang'ana njira yobwerera ku Nkwali. Ndinkadziwa chimene lamulo linkafuna, ndipo ndinkadziwa kuti zikadzamveka ntchito yanga yatha, mwina ndi ufulu wanga womwe. Ndinkadziwanso kuti a Kamanga sanali munthu woipa, ndipo anandikhulupirira. Koma ndinali nditangowotcha dzanja kuti mdala uyu akagone kwawo, ndipo sindikanatha kumubweza ndi dzanja lomwelo. Ndinakankhira ongawo m'madzi ndi phazi, nsupa ndinaiphwanya ndi mwala, zidutswa n'kuziponya pakati pa dziwe.

"Njovu zikabwera muziimba chitini ngati anzanu," ndinatero.

Mvula inagwa sabata yotsatira. Tinasakaniza mbewu pamthunzi, ndi shuga amene ndinadzimana pa tiyi, n'kubzala tsiku lomwelo. Mu Januwale ndinazula chomera chimodzi anthu akuona, ndipo mizu inali yodzaza timibulu. Nditaswa kamodzi ndi chikhadabo, mkati munali mofiirira ngati nyama, chizindikiro chakuti tizilombo tili moyo ndipo tikugwira ntchito. Mayi wa chiswe uja ndiye anali woyamba kupempha paketi ya chaka chotsatira. Njovu zinadya gawo lina la mundawo, a Tembo anadandaula za gawo limenelo lokha, ndipo a Chulu anakhala zaka zina zingapo. Anafera m'nyumba mwawo, akazi awo ali pambali.

Ine mantha sanandichoke mpaka ndinasamuka m'chigwamo. Ndikamva galimoto ya gemu ikuima pafupi ndi nyumba yanga, ndinkasiya kudya n'kumamvetsera. Choipa kwambiri chinali chakuti a Kamanga anandikonda. Ankauza anthu paliponse kuti mlangizi wa ku Mnkhanya ndi munthu amene sanama, ndipo tikakumana ankatsika pagalimoto, n'kugwira dzanja langa lamanzere ndi manja awo onse awiri, n'kulitembenuza kuti anzawo aone chipsera. Nthawi zonse dzanjalo linkanjenjemera m'manja mwawo.

"Likupwetekabe, a Mbewe?" ankafunsa.

"Likupwetekabe," ndinkayankha.